Mang'a a Amama

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama, pakhomo pa bafa la masaka, panali mwala umene ana tonse tinkaudziwa ngati m'bale wathu. Palibe anachita kubwera nawo. Unatuluka wokha m'nthaka, monga momwe miyala imatulukira paliponse m'komboni muja, pakuti Kanyama yense wakhala pathanthwe la laimu ndipo dothi lake n'lochepa. Atate pomanga bafa anaulambalala, Amama n'kuupezera ntchito. Madzulo aliwonse akatha kusamba ankaima ndi mwendo umodzi, dzanja litagwira mtengo wa bafa, n'kumakhula chidendene pamwalapo. Khwee, khwee, khwee. Ukamva zimenezo unkadziwa kuti tsiku latha, madzi a nsima ali pambaula.

Mapazi awo ndinkawadziwa kuposa nkhope yawo, chifukwa mwana amakhala pansi ndipo zimene amaona pafupi ndi mapazi a akulu. Pamwamba anali akuda bwino, a mitsempha yotukuka. M'mbali mwa zidendene ndimo munali nkhani. Khungu lake linali lotuwa mbuu, lokhuthala ngati chikopa cha ng'oma, lili ndi ming'alu yotsika pansi ngati dothi la padambo mu Okutobala. Ife a mu Lusaka timati mang'a. Agogo akabwera kuchokera ku Katete ankati zikang'a, ndipo mawuwo ankawatchula mopanda kunyansidwa, monga munthu amatchulira imvi. Usiku wa mu Juni tikafunda bulangete limodzi, zidendene za Amama zinkakola ulusi, ndipo akatembenuka unkamva ukuduka. M'mawa pamphasa pankatsala tizikhungu toyera ngati gaga.

Amama anali ogulitsa ndiwo zamasamba. Cha m'ma 4 koloko, kunja kuli bii, ankamanga chitenge, kulowetsa mapazi m'mapatapata, n'kutsatana ndi amayi anzawo mu Los Angeles Road kupita ku Soweto Market kukaoda tomato, repu, impwa ndi chibwabwa kwa alimi amene amafika usiku ndi malole. Ndalama ya basi ankaiwerengera kuti ndi mulu wina wa tomato, choncho ulendo wopita unali wapansi, ndipo masiku ambiri wobwerera womwe, dengu lili pamutu. Akafika ankayala thumba m'mbali mwa msewu n'kuima kapena kunjuta mpaka dzuwa kulowa. Loweruka linali lochapa. Ankaima pakati pa mabeseni awiri, madzi a sopo wa Boom akuyenderera pansi n'kumawanyowetsa mapazi mpaka masana, kenako dzuwa n'kuwaumitsa sopo ali pomwepo.

Nyengo ya ku Lusaka nayo sichitira chifundo chidendene. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula imakhala itatsanzika. Juni ndi Julayi amabwera ndi mphepo youma yozizira imene imang'amba ngakhale milomo. Ogasiti ndi wa fumbi, lija lolowa m'mano ndi m'mbale ya ndiwo. Okutobala akafika nthaka imatentha moti mphira wa patapata umafewa. Miyezi yonseyi phazi la munthu woyenda pansi limakhala panja.

Ndili giredi 7 aphunzitsi anaitana makolo kusukulu. Amama anabwera kuchokera pamalo awo ogulitsira, atasintha chitenge koma mapatapata ali omwe aja. Anakhala pabenchi mapazi atawapinda kumbuyo, ndiye zidendene zinaloza kwa ife amene tinali kumbuyoko. Mtsikana wina anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Mang'a a amako ungabisemo ngwee." Anzathu anaseka atagwira pakamwa. Nkhope yanga inatentha, ndipo pobwerera kunyumba ndinayenda patsogolo, kutali nawo, ngati sitili limodzi. Madzulo ake ndinalephera kudzigwira.

"Amama, n'chifukwa chiyani simuvala nsapato ngati amayi a anzanga?"

Anasiya kupatula masamba, n'kuyang'ana mapazi awo, kenako anga. Ndinali ndisanavule nsapato za kusukulu, zakuda za ku Bata, zimene anandigulira mu Januwale.

"Nsapato zanga ndi zimene wavalazo, mwanawe."

Sanakalipe, ndipo sanaibwerezenso nkhaniyo. Ine ndinachita chinthu chimene ndimanong'oneza nacho bondo mpaka lero: ndinasiya kuyang'ana mapazi awo. Poyamba anali manyazi a umwana, kenako chinangokhala chizolowezi. Ndinakula, ndinayamba ntchito, ndinakwatiwa n'kusamukira ku Mtendere. Ndinkawagulira zitenge, maduku, shuga ndi buledi. Maso anga ankathera m'mawondo.

Zimene zimachitika pachidendene ndinazimva mochedwa, kwa anesi ena, ndipo nditazimva ndinadabwa kuti n'zosavuta chotere. Khungu la kuphazi lilibe tizigawo tija totulutsa mafuta timene tili pankhope kapena pamsana. Limadalira thukuta lokha kuti likhale lofewa. Komanso likamapondedwa ndi kukhuzika tsiku ndi tsiku limadziteteza pokhuthala. Pansi pa fupa la chidendene pali kamtsamiro ka mafuta, ndipo munthu akaponda, makamaka atasenza katundu, kamtsamiroka kamaphwatalala kupita m'mbali. Nsapato yotseka kumbuyo imakagwira. Patapata sagwira kanthu. Ndiye khungu la m'mphepete likakhala louma ndi lolimba silitha kutanuka, limangosweka, monga chikhokho cha nsima chimaswekera ukachipinda. Sopo wochapira zovala amachotsa ngakhale timafuta tochepa timene tinalipo, madzi otentha kwambiri chimodzimodzi, ndipo madzi a m'zitsime za kwathu, odutsa m'thanthwe la laimu, amasiya khungu lili gwa. Mwala uja unkathandiza pang'ono, koma Amama ankakhula mwaukali mpaka pofiira, ndipo khungu likazunzidwa chotero limabwerera lokhuthala kuposa kale. Vaseline analimo m'nyumba, koma anali wa kumaso ndi miyendo ya ana popita kusukulu. Pofika pa iwo, chala chinkangozungulira m'botolo lopanda kanthu.

Anthu amene amaseka mang'a amaganiza kuti ndi chizindikiro cha uve. Ine sindinaonepo munthu wosamba mapazi kuposa Amama. Mang'a amatsata katundu wa pamutu, kutalika kwa msewu, ndi nsapato imene munthu angakwanitse kugula. Mukafuna kutsimikiza, yang'anani pansi mukamayenda mu Lumumba Road m'mawa. Muona anyamata okankha mawilibala a makabichi, amayi osenza mabelo a zovala za salaula, ndi aja othyola miyala m'mbali mwa misewu ya ku Kalingalinga, fumbi loyera litawakuta mpaka m'mawondo. Muona amuna oumba mabuloko amene amaponda simenti yonyowa ndi phazi lopanda kanthu, pamene simenti imadya khungu ngati moto wosaoneka. Amunawa ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ambiri anakula akumva kuti kudzola mafuta kumapazi n'kwa akazi, ndipo amadikira mpaka mng'alu utuluke magazi. Ena amathiramo guluu womatira nsapato, ena oyilo wakuda wa galimoto, n'kubwerera kuntchito.

Mvula ikabwera vuto limatembenuka. Thanthwe lija silimeza madzi msanga, ndiye Kanyama amasefukira, madzi n'kuima m'njira milungu ingapo atasakanizika ndi a m'zimbudzi. Phazi limene linauma miyezi isanu ndi umodzi limayamba kuviikidwa tsiku lonse. Pakati pa zala pamayera, pamayabwa, n'kusupuka. Ming'alu ija imakhala zitseko zotsegula. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, boma linaletsa malonda a m'misewu, asilikali anadzaza m'tauni, ndipo ku Kanyama anaika lamulo loti anthu asayende usiku. Amama anakhala panyumba milungu ingapo, koyamba chibadwire changa. Achemwali anga anandiuza pambuyo pake kuti masiku amenewo zidendene zawo zinayamba kutsekeka zokha. Koma mphika unali chafufumimba, ndipo chiletso chitangofewa iwo anali kale panjira ya ku Soweto.

Chimene chinandikakamiza kuyang'ananso pansi chinachitika mu Julayi 2022. Ndinapita kukawaona Lamlungu masana. Ndinawapeza pakhonde akuwotha mbaula, mapazi atawayandikiza kumalasha chifukwa ankati amazizira kwambiri masiku amenewo. Pamene ankadzuka kuti akanditengere mpando, patapata wakumanzere anatsala pansi, ndipo ndinaona kuti pamene pamakhala chidendene pali banga lakuda lonata. Ndinalitola. Anali magazi, ena ouma, ena atsopano.

"Amama, mwaponda chiyani?"

"Kuti?"

Sankadziwa. Ndinawakhazika pansi n'kunyamula phazilo, koyamba patapita zaka zoposa makumi awiri. Mng'alu umodzi unali utazama mpaka munyama, m'mbali mwake mutatupa, mkati muli timchenga. Anandiuza kuti sabata yathayo anasenga khungu lolimbalo ndi lezala, monga ankachitira nthawi zonse likakula. Pachala chachikulu panali thuza la moto wa mbaula. Limenelonso sanalimve. Anati mapazi amachita dzanzi, nthawi zina usiku amayaka ngati aponda tsabola, koma anangoti ndi ukalamba.

Kukiliniki anawabaya chala n'kupeza kuti shuga yakwera kwambiri, ndipo zikuoneka kuti inakwera kalekale. Anesi anatenga kachingwe kopyapyala ka pulasitiki, anawauza kuti atsinzine, n'kumawagunda nako pansi pa phazi malo osiyanasiyana. "Mukamva munene, amayi." Ine ndinkaona kachingweko kakupindika pakhungu, pachala, pakatikati, pachidendene, Amama ali phee, akudikira kuti anesi ayambe. Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone misozi akatsegula maso.

Anesiwo anatifotokozera mosathamanga. Shuga ikakhala yokwera zaka zambiri imawononga mitsempha ya kumapazi. Imene imamva ululu imagona, ndipo imene imalamula thukuta imagonanso, choncho phazi limauma kuposa kale ndipo likang'ambika mwini wake samva. Magazi nawo sayenda bwino, bala limachedwa kupola. Anati anthu ambiri amene amadulidwa chala kapena mwendo kuchipatala cha UTH chifukwa cha shuga, nkhani yawo imayamba ndi kanthu kakang'ono ngati kameneka. Anatsuka balalo, anapereka mankhwala akumwa, ndipo tinkapita kukamangitsa mpaka linatsekeka patatha milungu isanu ndi umodzi. Asanatitulutse anandiyang'ana ine.

"Inu ndinu mwana wawo? Maso awo safika pansi pa phazi. Anu ndiye afike."

Kuyambira pamenepo Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndimakwera minibasi ya ku tauni, n'kukwera ina ya ku Kanyama. Masiku ena apakati amawaona ndi mdzukulu wawo amene amakhala nawo. Poyamba ankakana. "Ndine wodwala ine kuti uzindisambika? Manja ndili nawo." Sikuti ankachita mwano. Munthu amene wasambitsa ana asanu ndi mmodzi savomera msanga kuti mwana amugwadire ndi beseni. Ndinawauza kuti anesi ndiwo alamula, ndipo mawu a anesi amawalemekeza.

Madzi ndimafunditsa pang'ono chabe, n'kuyesa ndi chigongono changa, chifukwa phazi lawo silingandiuze ngati akuwotcha. Munthu wopanda shuga angathe kuviika mapazi mphindi 10 kapena 15 kuti khungu lifewe, kenako n'kukhula pang'onopang'ono ndi mwala wosalala. Kwa Amama kuviika analetsa, mwala analetsa, lezala ndiye anachita kuwalumbiritsa. Ndimangowasambitsa ndi sopo wosambira ndi kansalu kofewa. Popukuta ndimalowetsa nsalu pakati pa chala chilichonse, mpaka pouma. Kenako ndimanyamula phazi kuloza kudzuwa n'kuliyang'ana lonse: pansi, m'mbali, kuseri kwa chidendene, pakati pa zala, m'makona a zikhadabo. Ndimafuna pofiira, potupa, potentha kuposa pena, kapena kamng'alu katsopano. Ndimalowetsanso dzanja m'nsapato zawo, ndipo tsiku lina ndinatulutsamo kamwala kakuthwa kamene anayenda nako kuchokera kutchalitchi.

Mafuta ndimapaka khungu lisanaumiretu. Ichi n'chimene ambiri timalakwitsa. Vaseline sathira madzi m'khungu, ntchito yake n'kutsekera amene alimo kale kuti asathawe, ndiye ukampaka paphazi louma la fumbi umangopanga matope onyezimira. Ndimayamba ndi madontho a glycerine osakaniza ndi timadzi m'manja, chifukwa glycerine amakoka chinyezi, kenako Vaseline pamwamba. Mwezi ukakhala wabwino ndimagula kufamasi mafuta okhala ndi urea, amene amafewetsa khungu lokhuthala lija popanda kulisenga. Pakati pa zala sindipaka kanthu, chifukwa pamenepo pakanyowa ndi pamene pamayamba zilonda zoyabwa. Pomaliza ndimawaveka masokosi a thonje, oyera, osathina, amene ndinasankha pasalaula ku City Market. Oyera n'cholinga choti kadontho ka magazi kaoneke. Masokosiwo ndiwo analowanso m'malo mwa mbaula mu Juni.

Khungu silisintha tsiku limodzi. Limatenga pafupifupi mwezi kuti latsopano likwere pamwamba, ndipo la kuchidendene limachedwa kuposa pamenepo. Milungu itatu yoyamba Amama ankanena kuti tikungotaya mafuta. Pofika Seputembala anasiya kunena. Phazi limodzi lokha linapitiriza kuyoyoka tizikhungu toyera pansi ponse ngakhale tinkapaka mokhulupirika, ndipo titabwerera kukiliniki anati kumeneko sikuuma wamba, ndi matenda a pakhungu a mtundu wa zipere, n'kutipatsa mankhwala opaka a clotrimazole. Ndi bwino kuti tinafunsa, chifukwa tikanapaka Vaseline mpaka chaka kutha.

Nsapato zinavuta kuposa zonse. Ndinawagulira zansalu zotseka kumbuyo, zotakasuka kutsogolo. Anazilandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuziika m'sutikesi kuti zikhale za kutchalitchi ndi kumaliro. Zinatengera kuti ndigule zachiwiri kuti zoyambazo zitsike pansi.

Ndikamva malangizo a pawailesi onena za kusamala mapazi, ndimagwirizana nawo, koma ndimaganiza za chigubu. Kwa Amama madzi amagulidwa pakiyosiki, chigubu cha malita 20 chimodzichimodzi, ndipo wina ayenera kuchisenza. Madzi amenewo ndi ophikira, akumwa, otsukira mbale, osambitsa ana. Beseni la mapazi a munthu wamkulu limabwera kumapeto kwa mzere, ndipo mayi weniweni wa m'komboni amalichotsa yekha pamzerepo asanafunsidwe. Chimodzimodzi botolo la mafuta. Uphungu woti munthu apumitse mapazi ndi wabwino, koma woupereka anene ndi kumene kudzachokera pamela, kathumba ka ufa wa nsima ya madzulo. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti nkhaniyi ingasiyidwe kwa mwini mapazi yekha. M'nyumba muyenera kukhala wina amene amati madzi awa ndi a mapazi a amayi, asawakhudze munthu. Ndiponso ndimalakalaka kuti m'makiliniki mwathu, munthu wachikulire akabwera kudzayezetsa BP kapena shuga, kuvula nsapato kuzikhala mbali ya kuyezako nthawi zonse. Kachingwe kaja n'kotsika mtengo, ndipo kuyezako sikutha mphindi zisanu. Ndikudziwa kuti mizere ndi yaitali ndipo anesi ndi ochepa. Koma ndinaona ndi maso anga zimene mphindi zimenezo zinapulumutsa.

Zidendene zanga nazo zayamba kutuwa chaka chino, ngakhale ine ndimagwira ntchito yokhala pampando. Mwana wanga wamkazi anaziona ndikuvula nsapato n'kunena kuti, "Amami, muyamba kufanana ndi ambuya." Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akunyansidwa. Sankanyansidwa. Iyeyu wakula akuona beseni la Lamlungu, ndipo ndi amene amagwira botolo ine ndikamapaka. Anapita kuchipinda n'kubwera nalo.

Mwala uja ukadali pomwepo. Bafa tsopano ndi la mabuloko, ndipo womanga anaulambalala monga anachitira Atate. Pamwamba pake pali posalala, polowa pang'ono ngati mphero, pamene chidendene chimodzi chinadya thanthwe zaka makumi atatu. Amama amaikapo sopo.

Lamlungu lapitali kunali mphepo ya Ogasiti, mapepala akuuluka m'njira, ndiye tinakhala m'nyumba chitseko chili chotseka mwatheka. Phazi lawo linali pamiyendo panga, pathaulo. Ming'alu inatsekeka, patsala mizere yokha yoderapo. Ndinayamba kupaka kuzala monga mwa masiku onse, ndikukanikiza ndi chala chachikulu, iwo akundisimbira za mtengo wa tomato ndi za mnzawo wa ku Chawama amene wadwala. Kuzala sanasinthe mawu. Pakati pa phazi chimodzimodzi, pachidendene chimodzimodzi. Nditakwera kufika pakakolo anasiya nkhaniyo pakati.

"Pamenepo ndiye ndikumva," anatero. "Manja ako ndi ofunda. Usafulumire."